Anachisale ndi Anyamata a Chaka Choyamba

Ndikakumbukira Anachisale, ndimamva fungo la mtedza wopserera pang'ono m'chiwaya, litasakanikirana ndi nthunzi ya simbi yoyenda pa yunifolomu yonyowa, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera kulira kwa kabelu ka utsi kamene kanali kudenga kwa khitchini yawo. Kabeluko kanali kamantha. Mtedza ukangoyamba kuthetheka, kankakuwa ngati nyumba yonse yayaka, ndipo iwo, osachotsa maso pa TV, ankandiponyera thaulo n'kunena kuti, "Kakupize ako, kakutisokoneza." Ndinkakwera pampando n'kumakupiza mpaka katakhala chete, mazenera ali otsegula, mphepo yozizira ya mu Okutobala ikulowa pamodzi ndi mkokomo wa sitima yodutsa kuseri kwa mitengo imene masamba ake anali atayamba kufiira.

Tinkakhala ku Amereka, m'tauni ya Hyattsville ku Maryland, m'nyumba zosanjikizana za njerwa, pa nsanjika yachitatu. Ndinabwera kuno ndi mayi anga kuchokera ku Zomba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mayi anali namwino, ndipo Loweruka lambiri ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Khomo lathu linkayang'anana ndi la Anachisale, mayi wa ku Dedza wa zaka za m'ma sikisite, wamfupi, wa mapewa otambalala, amene ankayenda atapendekera pang'ono kumanzere chifukwa cha msana. Amuna awo anamwalira kalekale, ana awo anali kumudzi, ndipo iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Sanali abale athu, koma ndinkawatchula agogo, ndipo Loweruka lililonse mayi ankangogogoda pakhomo pawo n'kundikankhira mkati. Lamulo lawo linali limodzi: "Chingelezi usiye panja pamodzi ndi nsapato." Ana ambiri a ku tchalitchi kwathu ankamva Chichewa koma kuyankha m'Chingelezi. Ine ndikayesa zimenezo, agogo ankakhala ngati agontha mpaka nditabwereza m'chilankhulo chathu.

Chimene anthu sankayembekezera kwa mayi wa duku ndi chitenje ngati iwo n'chakuti ankadziwa mpira wa Chimereka, uja wonyamula m'manja ndi kugundana, kuposa amuna onse a ku tchalitchi. Ankakonda makamaka wa makoleji, umene umaseweredwa Loweruka. Mayi anga ankati ndi masewera a anthu ofuna kuthyolana makosi. Agogo ankangoseka, n'kuyala bolodi yositira patsogolo pa TV nthawi ya nkhomaliro isanakwane, mulu wa zovala kumbali, ine pansi pa kapeti ndikupikicha mtedza m'mbale kuti makoko achoke.

Anauphunzira mpirawu pa ntchito. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anasamalira mzungu wina wokalamba ku Alexandria, amene ankangomutchula kuti madala. Madalawo pa nthawi yawo anali mphunzitsi wa timu ya mpira pa koleji ina. Sitiroko inawapha mbali imodzi ya thupi, mawu ankatuluka movutikira, ndipo ana awo anali kutali. Chimene chinatsala m'nyumbamo chinali makatoni a matepi a masewera akale. Agogo ankawasambitsa, kuwaveka, kuwakhazika pampando, n'kuwaikira tepi kuti adye mosavuta. Poyamba iwo ankangoyang'ana supuni ndi pakamwa pa wodwalayo. Koma madala ankawagwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kuloza pa TV, kubweza tepi m'mbuyo, kulozanso, mpaka agogo ataona chimene ankalozacho.

"Ndinapita kukawadyetsa phala," ankatero agogo, "iwo n'kundiyika sukulu."

Mu mpira umenewu muli wosewera mmodzi amene maso onse amakhala pa iye. Amamutchula kuti kotabaki. Ndiye amalandira mpira poyamba, ndiye amauza anzake kothamangira, ndipo ndiye amaponya, uku zimphona za timu inayo zikumuthamangira kuti zimugwetse. Timu ikapambana amamunyamula m'mwamba, ikagonja dzina lake ndi limene limatukwanidwa. Ndipo pa nkhani ya kotabaki, agogo anali ndi mfundo imodzi imene sankasuntha nayo: mnyamata wa chaka choyamba pa koleji, amene miyezi ingapo yapitayo anali ku sekondale, asapatsidwe timu. Akhale kaye pa benchi chaka chimodzi, aone, aphunzire, thupi likhwime.

Amene ankatsutsana nawo anali a Tembo, bambo wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington. Ankakhala ku Columbia Heights, koma akazi awo sankafuna phokoso la mpira m'nyumba, choncho Loweruka lina ankatulukira kwa agogo atanyamula zakumwa, atavala jekete yodula, n'kukhala pa sofa yakale ija ngati kwawo.

Ndikukumbukira masana ena timu ina italowetsa mnyamata wa chaka choyamba. Anali wamtali, wowonda, nkhope ya mwana. Anaponya mpira wautali umene unagwera m'manja mwa mnzake ngati wachita kuuyika, ndipo bwalo lonse linaphulika. A Tembo anadumpha mpaka kutaya chakumwa pa kapeti.

"Ba mayo, mwaona? Mwaona mwana uja? Ali chabe na zaka eyitini, koma aponya monga mudala! Manje imwe mufuna ankale pa benchi?"

Agogo anatembenuza malaya pa bolodi. "Ndamuona. Dzanja ali nalo. Koma inu mukuyang'ana mpira, a Tembo. Yang'anani mapazi."

"Mapazi yachita chani?"

"Akuvina. Munthu amene mapazi ake akuvina choncho ndiye kuti akuopa chimene chikubwera kumbuyo kwake. Lero adani sakumudziwa. Akadzamudziwa, adzamugunda mpaka adzayambe kuona anthu amene palibe."

"Koma azaphunzila bwanji ngati sasewela? Muntu saphunzila kuyendesa motoka ali ku mpando wa kumbuyo."

"Zoona. Koma simumamuyambitsira pa msewu waukulu nthawi yoti anthu akuthamangira ku ntchito."

Mnyamata uja anapambana tsiku limenelo. Anapambananso sabata yotsatira, ndipo kunena zoona anasewera bwino chaka chonse. A Tembo ankaimba foni masewera akangotha, ndipo ndinkamva kuseka kwawo ndili chapatali. Ndinkaganiza kuti agogo avomera kuti analakwitsa. Iwo anangoika foni pansi n'kunena kuti, "Mmodzi wapulumuka. Amene sanapulumuke sawaonetsa pa TV."

Tsiku lina tikupinda mabulangeti, iwo atagwira nsonga ziwiri ine ziwiri, ndinawafunsa chifukwa chake nkhaniyi inkawapweteka chonchi, pomwe anyamatawo sanali ana awo. Anayima kaye, bulangeti lili lendelende pakati pathu.

"Tsiku langa loyamba pa ntchito m'dziko muno," anatero, "ananditumiza ndekha kwa mayi wina wonenepa, wosayenda. Palibe anandionetsa kanyamulidwe ka munthu. Anangondipatsa adiresi. Ine ndinkadziona wamphamvu, munthu woti ndinakulira kusenza matumba. Ndinamudzutsa pampando kuti ndimulowetse m'bafa, mwendo wanga n'kuterereka, tonse pansi. Iye sanavulale, koma analira ndi mantha ngati mwana. Msana uwu unayambira pamenepo. Madzulo ake anandiimbira kuti ndisabwerenso. Palibe anandifunsa kuti zinayenda bwanji. Ndinakhala miyezi iwiri ndikuopa kugwira munthu." Anabweretsa nsonga zawo kwa ine. "Mphamvu ndinali nazo, Mphatso. Chimene ndinalibe ndi munthu woyima pambali panga. Gwira bwino, likukwawa pansi."

Sizodabwitsa kuti mwana wokulira pa kapeti imeneyo anayamba kuponya mpira. Mayi anakana poyamba. Anali ataona ku chipatala zimene kugunda mutu kumachita, ndipo sankafuna n'komwe kuona chisoti m'nyumba mwawo. Anali agogo amene anakhala nawo pansi. Sindikudziwa zonse zimene anakambirana, koma ndinamva agogo akunena kuti, "Mukamuletsa azikasewera kumene simukumuona. Musiyeni, ine ndizimuyang'ana." Ndipo ankandiyang'anadi. Ndikamaponya mpira pa khoma la malo otayira zinyalala kumunsi, zenera la nsanjika yachitatu linkatseguka, mawu n'kutsika pa magalimoto onse: "Mapazi, iwe! Mapazi!" Anthu a zilankhulo zina odutsa ndi matumba awo ogulira zinthu ankayang'ana m'mwamba modabwa, ine ndikufuna nthaka itandimeza.

Ku sekondale ndinasewera bwino ndithu, osati mochititsa kaso, koma mokwanira kuti koleji ina yaing'ono ya kumapiri, ulendo wa maola anayi pa galimoto, indiitane. Ndinapita ndikudziwa kuti chaka choyamba ndikhala pa benchi, ndipo zinandikomera. Patsogolo panga panali makotabaki akuluakulu awiri. Koma mmodzi anasiya mpira masewera asanayambe, ndipo winayo anathyoka fupa la paphewa pa sabata yachitatu. Lolemba masana kochi wathu, bambo wosalankhulalankhula wa ndevu zotuwa, anandiitana mu ofesi yake n'kundiuza kuti Loweruka ndiyamba ine. Zonse zinatenga mphindi ziwiri.

Mawa lake, pakati pa makalasi, ndinakhala pa masitepe a laibulale n'kuimbira agogo. Anali pa siteji ya basi, ndinkamva magalimoto akudutsa.

"Agogo, akuti ndiyambe Loweruka."



"Wavomera?"

"Sanandifunse. Anangondiuza."

"Ukuopa?"

"Eya."

"Chabwino. Ukanati sukuopa ndikanada nkhawa. Amene akukuteteza kumbali imene suona ndi ndani?"

Ndinawauza kuti ndi mnyamata wa chaka chachitatu, wamkulu ngati firiji.

"Amakukonda?"

"Sindikudziwa. Sitinachezepo."

"Pita ukadye naye lero."

Kenako ndinafunsa funso limene ndinaimbira. Ndinkafuna, kamodzi kokha, anene kuti ine ndine wosiyana ndi anyamata onse aja a pa TV. "Agogo, mukuganiza kuti ndakonzeka?"

"Ayi," anatero. "Sunakonzeke. Koma palibe wina. Basi yanga yafika. Ndibwera Loweruka."

Anasinthana tsiku la ntchito ndi mnzawo, ndipo a Tembo ndi amene anawayendetsa. Mayi anali pa ntchito, ndipo ngakhale akanakhala omasuka sindikhulupirira kuti akanatha kuonera. Kunali kowala koma kozizira kwambiri. Tikutuluka m'chipinda chovalira ndinawaona pa mabenchi achitsulo, atamanga chitenje pamwamba pa chijasi chachikulu, a Tembo pambali pawo akugwedeza manja onse awiri.

Mpira woyamba ndinaponya bwino, waufupi, unafika. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a Tembo ankanena zoona zaka zonse zija. Kenako munthu wina amene sindinamuone anandigunda m'nthiti, ndinagwa chafufumimba, udzu n'kudzaza m'kamwa, ndipo nditadzuka zinthu zonse zinali zikuthamanga kuposa mmene ndinazizolowera. Ku sekondale ndinkakhala ndi nthawi yoyang'ana kumanzere, kuyang'ana kumanja, n'kusankha. Kuno ndikamatukula mutu anali atafika kale. Ndinayamba kuponya msanga kuti mpira ungochoka m'manja mwanga. Katatu konse ndinauponyera m'manja mwa adani, ndipo kachitatuko amene anaugwira anathamanga nawo mpaka kukagoletsa, ine ndikumuthamangira m'mbuyo ngati mwana wolandidwa chidole. Anthu a pa mabenchi athu omwe anayamba kung'ung'udza. Kutatsala pang'ono kuti masewera athe, kochi ananditulutsa n'kulowetsa mnyamata wina amene sanali n'komwe kotabaki. Ndinakhala kumapeto kwa benchi. Palibe anandiyandikira. Sikuti anzanga anali oipa mtima, koma sankadziwa chonena, ndipo malo anali otseguka mbali zonse ziwiri ngati ndili ndi matenda opatsirana.

Masewera atatha, kochi anandidutsa pafupi kwambiri moti jekete yake inandikhudza, koma sanandiyang'ane.

Agogo anali atayima pa mpanda wa waya. Sanandikumbatire. Anandiuza kuti ndivule chisoti, anandigwira chibwano n'kuyang'ana m'maso mwanga, diso ili kenako ili, monga ankachitira ndi odwala awo.

"Lero ndi lachingati?"

"Loweruka."

"Wadya chiyani m'mawa?"

Ndinawauza.

"Mutu ukupweteka? Ukuona bwino? Kwezera mkono m'mwamba." Nditakweza anagwedeza mutu. "Chabwino. Kochi wako ndi uja wa ndevuyo?"

Ndisanayankhe anali atayamba kale kuyenda, atapendekera kumanzere monga mwa nthawi zonse, kulowa pa chipata chimene oonerera saloledwa kudutsa. A Tembo anayesa kuwagwira mkono. "Ba mayo, iyayi, osachita so." Iwo sanacheuke. Ndinawatsatira, manyazi akundiwotcha kuposa a masewera aja.

Anayima patsogolo pa kochi, mutu wawo ukulekeza pa chifuwa chake, n'kulankhula m'Chingelezi chawo chapang'onopang'ono, chomveka bwino liwu lililonse. Ndikuyika m'Chichewa zimene ananena.

"Bambo, ndikanakhala ine, mwana uyu sindikanamuyambitsa. Koma inu mwamuyambitsa. Ndiye Lolemba mukhale naye pansi, muonere limodzi zimene walakwitsa, chimodzichimodzi. Mukafuna kumuchotsa, mumuuze nokha, pamaso. Koma musamudutse ngati simukumudziwa. Ndakuonani."

Kochi anayang'ana iwo, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati anali agogo anga.

"Ndine woyandikana naye nyumba," anatero agogo, n'kutembenuka.

Pa malo oimika magalimoto anatsamira galimoto ya a Tembo kuti msana upume. Masamba ouma ankakwekwereza pa phula. Ndinali ndisanavule zosewerera, ndipo thukuta linali litayamba kuzizira pathupi. Apa ndi pamene anandiuza nkhani imene anali asanandiuzepo zaka zonse zija.

"Madala a ku Alexandria aja," anatero, "kumapeto anayiwala mayina a adzukulu awo. Koma panali dzina limodzi limene sanaliyiwale. Linali la mnyamata amene anamuyambitsa ali chaka choyamba, chifukwa anthu ankafuna, nyuzipepala zinkafuna, iwonso ankafuna. Anasewera moipa kawiri. Anthu anamukuwiza. Madala anamuchotsa, ndipo chifukwa cha manyazi awo omwe, sanalankhule nayenso. Ankati akamuona akubwera, iwo n'kukhotera kwina. Pofika Khirisimasi mnyamatayo anachoka pa koleji osatsanzika, ndipo sanamvenso za iye. Tepi ya masewera amenewo ankandiuza kuti ndiyike, kenako ankalira, ine n'kumawapukuta." Anapuma kaye. "Zaka zambiri ndinkaganiza kuti akulira chifukwa anamuyambitsa msanga. Tsiku lina mawu atatuluka bwino ndi pamene ndinamva. Ankalira chifukwa anamusiya yekha."

A Tembo anati motsitsa mawu, "Ba mayo, lelo mwawina imwe."

"Palibe wawina, a Tembo. Taonani nkhope ya mwanayu." Anatsegula chitseko cha galimoto. "Iwe, pita ukasambe. Ukaimbire mayi ako asanamve kwa ena. Ndipo mnyamata wa firiji uja wakutetezera bwino lero, amene anakugundayo anadutsira mbali ina. Ukamuthokoze."

Lolemba m'mawa kochi anandiitana. Sindikudziwa ngati chinali chifukwa cha agogo kapena anali ataganiza kale, ndipo sindinamufunsepo. Tinakhala maola awiri m'kachipinda ka mdima tikuonera masewera aja, iye akuyimitsa, kubweza, kundifunsa chimene ndinaona pa nthawiyo, n'kundionetsa chimene chinalipodi. Sananditonthoze ndipo sanandikalipire. Pomaliza anati Loweruka ndiyambanso. Ndikutuluka anafunsa, osatukula mutu pa mapepala ake, ngati mayi uja adzabweranso.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinasanduka katswiri, koma sizinali choncho. Ndinasewera masewera ena asanu chaka chimenecho, tinapambana awiri. Ndinagundidwa kwambiri, ndipo phewa langa lamanja mpaka lero limandiuza mvula isanabwere. Chaka chachiwiri kunabwera mnyamata wina woponya bwino kuposa ine, ndipo kochi anandiuza yekha, pamaso, kuti malo apita kwa iyeyo. Zinandiwawa, koma sindinachoke. Ndinakhala zaka zitatu zotsalazo ndili wachiwiri, ndikuthandiza ang'onoang'ono kuwerenga masewera, ndipo ndinamaliza maphunziro anga. Kodi ndikanadikira chaka chimodzi ndikanakhala wosewera wabwino kuposa pamenepo? Mwina. Mwinanso ndikanangokhala pa benchi zaka zinayi osadziwa kuti kugundidwa n'kudzukanso kumamveka bwanji. Ndaliganizira funsoli kambirimbiri ndipo yankho ndilibe.

Agogo sanasinthe maganizo awo. Patchuthi ndikapita kukawaona, timu ina ikalowetsa wa chaka choyamba, ankagwedezabe mutu. Ndikawakumbutsa kuti ine ndinapulumuka, ankati, "Unapulumuka ndi phewa limodzi." Msana utawakanika anasiya ntchito n'kubwerera ku Dedza kwa mwana wawo wamkazi. Tinawaperekeza ku bwalo la ndege ine, mayi ndi a Tembo, amene analira poyera osachita manyazi. Kumudziko mpira wa Chimereka sankauona, choncho Lamulungu ndikawaimbira ankafuna ndiwafotokozere masewera a dzulo lake, osati zigoli zokha, koma amene anagwa, amene anadzuka, ndi amene anamuchotsa. Anamwalira nyengo ya mvula zaka zingapo zapitazo. Mayi anapita ku maliro. Ine sindinathe, ndipo chimenecho chimandikhalabe pamtima.

Lero ndine wothandizira kochi pa koleji ina yaing'ono konkuno ku Maryland, ndipo ntchito yanga ndi kuphunzitsa makotabaki. Chaka chilichonse mu Ogasiti, tikakhala m'chipinda cha misonkhano, mkangano wa agogo ndi a Tembo umabukanso, pakamwa pa anthu amene sanawaonepo awiriwo. Ena amati ana a masiku ano amabwera atakhwima kale, ndipo ukawasunga pa benchi amasamukira ku koleji ina. Akunena zoona. Ena amati thupi la zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu silinafike pogundana ndi amuna a zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo mantha akalowa mwa kotabaki satuluka msanga. Akunenanso zoona. Ndaona anyamata amene kuyamba msanga kunawakuza, ndaonanso amene kunawathyola, ndipo nthawi zambiri sungadziwiretu amene adzakhale uti. Anzanga amafunsa ngati mnyamatayo wakonzeka. Ine ndikapatsidwa mpata ndimafunsa ngati ifeyo takonzeka: tsiku limene adzasewere moipa, pakuti lidzabwera ndithu, ndani wa ife adzakhale naye?

Chaka chino tili ndi mnyamata wa chaka choyamba wa dzanja labwino kuposa onse amene ndawaphunzitsapo. Ine ndinati adikire. Anzanga anandiposa, ndipo mnyamatayo anayamba. Masewera awiri oyamba anawala. Loweruka lapitali adani anali atamuwerenga, ndipo anaponyera mpira m'manja mwawo kawiri motsatizana. Atamutulutsa anapita kumapeto kwa benchi, osavula chisoti, n'kuyang'ana pansi pakati pa mapazi ake. Anzake anasuntha pang'onopang'ono mpaka anatsala yekha.

Masewera anali akupitirira ndipo ndinali ndi zochita zambiri pa mzere wa m'mbali mwa bwalo. Ndinapereka mapepala anga kwa mnzanga, ndinayenda mpaka kumapeto kuja, n'kukhala pambali pake, phewa kukhudza phewa. Ndinkamva mmene ankapumira, mothamanga, ngati munthu amene akuyesetsa kuti asalire pagulu. Kupuma kutatsika ndinamuuza kuti Lolemba abwere ku ofesi kwanga naini koloko, tikaonere limodzi, ndipo adye kaye asanabwere chifukwa tidzakhalitsa.